Mbalame ziwiri za m'dambo: ina ndi ya kwathu, ina imachokera kutali

Mukamadutsa m'dambo nthawi ya dzinja, mwina munaonapo kambalame kofanana ndi chinziri kakuthamanga n'kulowa m'udzu m'malo mouluka. Kangakhale kamodzi mwa mbalame ziwiri zapachibale zimene pa Chipwitikizi zimatchedwa codornizão-africano ndi codornizão.

Codornizão-africano (Crecopsis egregia) ndi wa kuno ku Africa. Amatalika masentimita 20 mpaka 23, maso ake ndi ofiira, ndipo m'nthiti ali ndi mizere yakuda ndi yoyera. Amatsatira mvula: ikagwa amafika, n'kumanga chisa m'udzu wonyowa ndi kuswa ana.

Mnzakeyo, codornizão (Crex crex), ndi wamkulupo, masentimita 27 mpaka 30, ndipo mapiko ake ndi ofiirira. Amaswa ku Ulaya ndi ku Asia, kenako amauluka ulendo wautali kudzakhala kuno kuyambira Novembro mpaka cha mu Abril. Kwawo tambala wake amalira usiku wonse, koma kuno amangokhala chete. N'chifukwa chake ambiri sitimudziwa.

Pamndandanda wa bungwe la IUCN, mbalame zonse ziwiri zili m'gulu la zosadetsa nkhawa kwambiri. Komabe mbiri zawo n'zosiyana. Codornizão anachepa kwambiri kumadzulo kwa Ulaya chifukwa makina otchetcha udzu ankaphwanya zisa ndi kupha anapiye. Anamuchotsa m'gulu la zotsala pang'ono kulowa pangozi mu 2010, zitadziwika kuti ku Russia ndi ku Kazakhstan akadalipo ambiri. Ku Britain akadali pamndandanda wofiira, ndipo ena amakodwa m'maukonde pagombe la Egypt ali paulendo.

Wa kwathuyu sanakumanepo ndi tsoka lotere, koma moyo wake uli m'udzu. Dambo likalimidwa lonse, likaumitsidwa ndi ngalande, kapena ng'ombe zikadya udzu mpaka kutsala dothi, alibenso pomanga chisa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza inu. Lamulo la Mozambique loteteza zachilengedwe, Lei n.º 16/2014, likuti kusamala chuma chimenechi ndi udindo wa boma ndi nzika zomwe. Mukamatsegula dimba, siyani mbali ina ya dambo ili ndi udzu wake. Kambiranani ndi amfumu za malo odyetsera ziweto. Auzeni ana asamatole mazira m'zisa. Dambo limene limasunga mbalamezi ndi lomwelo limene limakusungirani madzi m'chilimwe.