Mwawi wa ku Mzimba, Manja Osaphonya

Ku Mzimba mwana akakula, njira yodziwika ndi ya ku Joni. Amakwera basi pa boma kapena pa Jenda, n'kukafuna ganyu kwa eni dziko. Mwawi Kumwenda nayenso anachoka, koma ulendo wake unakathera ku Australia, ndipo chimene chinamutengera kumeneko ndi manja ake awiri.

Anabadwa m'chaka cha 1989 m'boma la Mzimba. Kumudzi mpira weniweni wa ntchemberembaye kunalibe. Ana ankatola majumbo n'kupanga chikulunga, goli n'kukhala mtengo wodula kutchire wokhala ndi mkombero pamwamba. Nsapato? Phazi lomwelo. Aliyense amene anaphunzira pulayimale ku Embangweni, ku Edingeni kapena ku Mabulabo amalidziwa bwalo lotere: fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, aphunzitsi ali ndi wezulo pakamwa. Ine ndimakhulupirira kuti chikulunga chopepuka, chimene kamphepo kakang'ono kamachipatutsa, chimaphunzitsa dzanja kuyeza bwino kuposa mpira wa m'sitolo.

Mtsikana wamtaliyu anafika ku Blantyre n'kusewera mu Escom Sisters, kenako mu Malawi Queens. Mu 2009, pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Cook Islands, anthu a ku Australia anamuona ndipo sanamuiwale. Anayamba ndi Peninsula Waves ku Victoria, ndipo pofika 2014 anali ku Christchurch, New Zealand, akumwetsa zigoli mu Tactix, mu ligi imene inali yapamwamba kwambiri pa dziko lonse.

Tsono mverani za 2015, chifukwa apa m'pamene mtima wanga umavina ingoma! Chikho cha dziko lonse chinachitikira ku Sydney. Australia inatenga chikho, New Zealand inakhala yachiwiri, Malawi yachisanu ndi chimodzi. Koma atafuna kutchula wosewera wopambana onse pa mpikisanowo, anadumpha akatswiri onse a mayiko olemera aja n'kuitana Mwawi. Mwana wa chikulunga! Posakhalitsa bungwe la International World Games Association linamulengeza kukhala katswiri wa chaka cha 2015, atavoteredwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana. Amalawi tinavota ndi mtima wonse.

Nkhani yake imandikumbutsa Althea Gibson wa ku America, mwana wa alimi a thonje amene anaphunzira kumenya kampira ndi thabwa mumsewu wa ku Harlem, m'masiku amene anthu akuda ankaletsedwa m'mabwalo akuluakulu a tenisi. Mu 1957 Gibson anapambana ku Wimbledon n'kulandira mphoto kuchokera m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth. Onse awiri anayambira pamene panalibe wowayang'ana, ndipo onse awiri anachititsa dziko kutembenuka.

Mu 2017 Mwawi analowa mu Melbourne Vixens. Chaka chotsatira, pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, kunachitika chimene ambiri ankati sichingatheke: Malawi inagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Atsikana a timu ya New Zealand aja, a Silver Ferns, Mwawi ankawadziwa bwino, poti anakhala akulimbana nawo zaka zitatu mu ligi yawo yomwe. Ankalandira mpira ali m'malere, otchinga awiri atamupanikiza, n'kutera, n'kuponya, n'kulowa. Ma Queens anavina pabwalo pomwepo, ndipo kuno kumudzi nthungululu zinali ponseponse.

Chaka chomwecho anavulala bondo, mtsempha unaduka, ndipo chikho cha dziko lonse cha 2019 ku Liverpool chinamudutsa. Ena anayamba kunong'ona kuti basi, zake zatha.

Zinatha kuti? Mu Okutobala 2020, ku Brisbane, Vixens inakumana ndi West Coast Fever mu ndime yomaliza ya ligi ya ku Australia ya Super Netball. Kumbali inayo kunali Jhaniele Fowler wa ku Jamaica, chimphona chomwetsa zigoli. Masewerawo anali a mtima bii mpaka wezulo yomaliza, ndipo Vixens inapambana 66 kwa 64. Wosewera wopambana onse tsiku limenelo, ndi bondo lake lochitidwa opaleshoni lomwelo, anali Mwawi Kumwenda.