Maloto a Masana a Acinyamata ndi Nkhani za M'mabuku

Mphunzitsi aliyense amamudziwa mwana wa zaka 14 kapena 15 amene buku lili cotsegula pamaso pake, koma maso ali pazenera. Thupi lili m'kalasi, mtima uli ku Tete, ku Lusaka kapena ku Joni. Ambirife timangoti ndi ulesi basi, n'kumukalipira. Koma inu atsogoleri a makalasi a kuwerenga, dziwani kuti maloto a masanawa ali ndi kwao. Amacokera kunyumba kumene mwanayo wakulira, ndipo mphunzitsi wanzeru amawasandutsa khomo lolowera m'buku.

Taganizirani za mabanja a kuno ku Chifunde. Boma lathu lacita malire ndi Zambia ndi Malawi. Makolo ambiri a acinyamata a lero anabadwira kapena kukulira kothawa nkhondo imene inatha mu 1992, nthawi imene Malawi yekha anasunga anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni. Ena anaphunzira pang'ono m'Cicewa kumeneko, ena sanaponde n'komwe kusukulu. Tsono ana ao akuwerenga nkhani m'Cipwitikizi, cinenero cimene pakhomo sicimveka kawirikawiri. Mnyamata wa pakhomo polima fodya amalota njinga yamoto. Amene malume ake anakagwira nchito ku malasha a ku Moatize amalota kuyendetsa cigalimoto. Mtsikana wamasiye wolemedwa ndi nchito za pakhomo amalota banja, poganiza kuti kumeneko akapuma. Mwana salota cinthu cimene sanacionepo kapena kucimva.

Olemba mabuku abwino amazidziwa zimenezi. Luís Bernardo Honwana, amene anabadwa mu 1942 nakulira ku Moamba, anatulutsa buku la Nós Matámos o Cão-Tinhoso mu 1964, ali ndi zaka 22 zokha. M'nkhani zake zingapo wosimba ndi mnyamata. Mu imodzi, yochedwa As Mãos dos Pretos, mwana akusinkhasinkha cifukwa cace zikhatho za anthu akuda n'zoyererapo. Aphunzitsi, ansembe ndi akuluakulu ena akumupatsa mayankho osiyanasiyana, ambiri onyoza. Yankho limene likumukhazika mtima pansi likucokera kwa amai ake, amene akumuonetsa kuti manja a anthu onse ndi amodzi. Onani apa: funso lazungulira kusukulu ndi kwa anthu ophunzira, koma lakathera pakhomo.

M'cinenero cathu muli buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma ku Malawi. Linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi mu 1934 pa dzina lakuti Man of Africa. Limalondola moyo wa mwana wa kumudzi, wopulupudza, amene anacoka kwao kukafuna nchito kutali, nadzabwerera n'kukhala mfumu. Mnyamata wa ku Mualadzi amene akulota zowoloka malire angadzione yekha mwa Nthondo. Koma mwana amene bambo ake anapita osabwerako adzaiwerenga nkhani yomweyo ndi mtima wina. Buku ndi limodzi, koma aliyense amalowamo ndi katundu wa kwao.

Nanga ticite bwanji m'kalasi? Coyamba, musanatsegule buku, funsani ophunzira kuti zaka 10 zikubwerazi akufuna adzakhale kuti, ndipo maganizo amenewo anawatenga kwa yani. Musaseke yankho lililonse, ngakhale lioneke ngati maloto a cumba. Caciwiri, mukawerenga, funsani kuti munthu wa m'nkhaniyo amalakalaka ciani, analeredwa ndi yani, ndipo cinamuthandiza kapena kumugwetsa n'ciani. Pamenepo mwana amayamba kuyeza loto lake ndi la munthu wa m'buku, n'kuona yekha mtengo wake. Cacitatu, musakakamize wina kuulula za kwao pagulu. Wamasiye kapena wa pakhomo pa mowa ndi ndeu angathe kulemba papepala, kapena kusimba ngati za munthu wina.

Lolaninso kuti zokambiranazi zicitike m'Cinyanja, ngakhale nkhaniyo ikhale ya m'Cipwitikizi. Pakati pa 1993 ndi 1997 dziko lathu linayesa maphunziro a zinenero ziwiri, ochedwa PEBIMO, m'Cinyanja kuno ku Tete ndi m'Cishangana ku Gaza, ndipo pambuyo pake njirayi inalowa m'masukulu ena a boma. Cifukwa cace n'cosavuta: munthu amalota m'cinenero ca amai ake, ndipo za mumtima amazifotokoza bwino m'cinenero comweco.

Kumbukirani kuti ambiri amene amakhala pa mabenci a makalasi anu ndi makolo, agogo ndi amalume a acinyamatawa. Ndiwo amagamula ngati mtsikana apitirize sukulu kapena akwatiwe, ngati mnyamata atsale m'kalasi kapena akasamale fodya. Auzeni kuti madzulo azipempha mwana awasimbire nkhani imene wawerenga, ndipo iwonso amusimbire za maloto ao a pa unyamata ndi kumene anakathera. Sizifuna ndalama, sizifunanso Cipwitikizi. Loto limene lamvedwa pakhomo ndi m'kalasi lingathe kuongoledwa. Koma losekedwa limabisala, ndipo tsiku lina mudzangomva kuti mwana uja anawoloka malire usiku, buku n'kulisiya pansi pa mphasa.