Mmisiri Amene Adapanga Limba la Piyano

Anthu ambiri kuno kwathu amalidziwa limba chifukwa cholimva m'tchalitchi kapena pa wailesi. Ngakhale msodzi amene akusoka ukonde wake pa gombe loyang'anana ndi chilumba cha Mbenji ku Salima angathe kuzindikira liwu lake likangomveka. Koma ndi owerengeka okha amene amadziwa kuti limba lotchedwa piyano lili ndi mwini wake, mmisiri wa ku Italy dzina lake Bartolomeo Cristofori.

Cristofori adabadwira mumzinda wa Padua m'chaka cha 1655. Mu 1688 Ferdinando de' Medici, mwana wa wolamulira dziko la Tuscany, adamlemba ntchito yosamala ndi kupanga zoimbira ku Florence. Masiku amenewo limba lotchuka linali harpsichord. Woimba akadina kathabwa ndi chala, kamuzu ka nthenga kankakodola nsambo monga zala zichitira pa bangwe. Vuto linali lakuti, kaya woimbayo adina mwamphamvu kaya mopepuka, liwu linkatuluka chimodzimodzi, pamene woimba bangwe amakweza ndi kutsitsa liwu monga umfunira mtima wake.

Nzeru ya Cristofori inali yakuti nsambo zisamakodoledwe, koma zizimenyedwa ndi tinyundo, monga woimba ulimba kuchigwa cha Shire amenyera timatabwa take. Kunena n'kosavuta, koma ntchito yake inali yautsa mutu. Nyundo ikamenya nsambo n'kukhala pomwepo, liwu limafa, monga ng'oma imene woomba sanachotsepo dzanja. Tsono iye adakonza kachipangizo koponya nyundo ija, kuti imenye nsambo ndi kugwa nthawi yomweyo, ngakhale chala chikadali pa kathabwa. Adaikanso china chowakha nyundoyo kuti isanjanje n'kumenya kachiwiri, ndi china chozimitsa liwu chala chikachoka. Mitu ya tinyundoto adaipanga ndi mapepala okulungiza, n'kuikuta ndi chikopa.

Kaundula wa katundu wa banja la Medici wa m'chaka cha 1700 ndiye woyamba kutchula limba latsopanoli. Dzina lakuti piyano lidachokera ku mawu awiri a Chitaliyana, piano ndi forte, otanthauza kuimba motsitsa ndi kuimba mokweza.

Limbali silidatchuke msanga. Mu 1711 Scipione Maffei adalemba nkhani yolifotokoza, pamodzi ndi chithunzi cha m'kati mwake. Nkhaniyo itamasuliridwa m'Chijeremani, mmisiri wina, Gottfried Silbermann, adayamba kupanga ake. Katswiri wa nyimbo Johann Sebastian Bach poyamba adawanena kuti ndi olimba podina ndiponso ofooka pa mawu apamwamba, koma atawongoleredwa adawavomereza, ndipo mu 1747 adaimba pa limodzi mwa iwo ku Potsdam. Nthawi imeneyo n'kuti Cristofori atamwalira kale mu 1731, asanaone kufala kwa ntchito ya manja ake.

Kwa zaka zambiri ulemu wake unkapita kwa amisiri ena. Komabe iye adalemba dzina lake ndi chaka pa ena mwa malimba ake. Atatu mwa malimba ake alipobe: la 1720 lili ku New York, la 1722 ku Rome, ndipo la 1726 ku Leipzig. Awiri omalizirawa ali ndi timatabwa todina 49, pamene piyano ya lero ili ndi 88, koma kamenyedwe ka nsambo kadakali kochokera pa nzeru yomwe ija.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi nawonso. M'midzi muli amisiri osema ng'oma, bangwe, kaligo ndi sansi, amene luso lawo adalilandira kwa makolo. Woimba amatamandidwa pabwalo, koma wosema chipangizo sakumbukika, ndipo akamwalira dzina lake limapita naye kumanda. Aphunzitsi, mafumu ndi achinyamata odziwa kulemba angachite bwino kufunsa amisiri otere akadali ndi moyo, ndi kulemba mayina awo, mitengo imene amasankha, ndi njira zawo zosemera.