PAMENE PHIKO LA NDEGE LIGONJA M'MLENGALENGA

Ambiri a ife timaganiza kuti ndege imagwa pokhapokha injini itazima. Komatu aphunzitsi a zoulutsa ndege amaopanso chinthu china chimene pa Chingerezi chimatchedwa stall, ndiko kunena kuti phiko laleka kunyamula ndege ngakhale injini ili kulira bwino lomwe.

Phiko limanyamula ndege chifukwa cha mpweya umene umayenda mosalala pamwamba ndi pansi pake. Woyendetsa akadzutsa mphuno ya ndege, phiko limakumana ndi mphepo mopendekeka, ndipo kupendekekako kukapyola madigiri pafupifupi 16, mpweya umavundukavunduka, mphamvu yonyamula imachepa mwadzidzidzi, ndege niyamba kutsika.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ngozi iyi imayamba yachenjeza. Mkokomo wa mphepo umachepa, chiwongolero chimafewa, ndege imanjenjemera, ndipo m'ndege zazing'ono monga Cessna 172 mumalira kalipenga. Apa mtima umauza munthu kuti akoke chiwongolero akwere, koma kutero ndiko kudzikumbira dzenje. Chofunika ndi kukankha chiwongolero kutsogolo kuti mphuno itsike, kuwongola mapiko, kuwonjezera mphamvu ya injini, ndipo liŵiro likabwerera, kukwera pang'onopang'ono. Wophunzira amachita zimenezi kaŵirikaŵiri ali m'mwamba ndithu, mphunzitsi ali pambali pake, kufikira manja atazoloŵera.

Kuno ku Dedza nkhaniyi njofunika kwambiri. Tauni yathu ili pa mtunda wa mamita oposa 1,500, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Pa malo okwera chotere mpweya ndi wopepuka, injini imachepa mphamvu, ndipo ndege imakwera mwaulesi. Woyendetsa akadzidzimuka ndi nkhungu ya chiperoni, phiri lili patsogolo, amafuna kukhota mofulumira. Koma akapendeketsa ndege madigiri 60 osatsika, liŵiro limene phiko limagonjera limakwera ndi magawo 41 pa 100 alionse.

Ndege zazikulu nazo sizipulumuka. Pa 1 June 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inagwera m'nyanja ya Atlantic ndi kupha anthu 228, mmodzi wa oyendetsa atalimbikira kukoka chiwongolero pamene phiko linali litagonja kale.

Tsono inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu ndipo mukulakalaka ntchito imeneyi, musapeputse Masamu ndi Sayansi, pakuti madigiri amene mumayesa m'kope ndi omwewo amene amasunga moyo wa anthu m'mlengalenga.