Moyale: dzina la ku Kenya, mbiri ya Amalawi

Ambiri akamva dzina lakuti Moyale amangoganiza za timu yampira ya asilikali ku Mzuzu, yomwe ochemerera amaitcha Mikango ya ku Kaning'ina. Komatu dzinali si la Chitumbuka kapena Chitonga ayi. Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia.

Mu Julaye 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles, lomwe akuluakulu ankalitcha Keyala, adazingidwa m'tauniyo ndi asilikali a dziko la Italy omwe adali ochuluka kuwaposa. Iwo adalimba chifuwa kwa masiku angapo, kenaka adazemba usiku adani osadziwa. Malo a asilikali a ku Mzuzu adatchedwa Moyale Barracks pokumbukira amuna amenewa.

Likulu la asilikali onse a dziko lino ndi Kamuzu Barracks ku Lilongwe, pomwe Cobbe Barracks ku Zomba ndiyo yakalekale. Koma moto womwe udasintha dziko mu 1993 udabukira ku Mzuzu.

Pa 14 Juni chakacho, Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri, koma mantha adali asadathe chifukwa apayoniya a Malawi Young Pioneers adali akadali ndi mfuti. Kumayambiriro kwa Disembala, apayoniya adawombera ndi kupha asilikali awiri a ku Moyale mumzinda wa Mzuzu.

Uthenga utafika ku Lilongwe, asilikali anzawo sadaugwire mtima. Pa 3 Disembala adayamba ntchito yolanda zida apayoniya, yotchedwa Operation Bwezani. Adathira nkhondo likulu lawo la Youth House ndi misasa yawo m'maboma. Anthu adafa ndipo apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique.

Nthawiyo Dr Hastings Kamuzu Banda adali asadapezebe bwino atachitidwa opaleshoni ku South Africa, choncho kulanda boma kukadakhala kosavuta. Asilikaliwo sadatero. Atalanda zidazo adabwerera kumalo awo, nkusiyira anthu wamba kusankha okha mtsogoleri.

Pa 17 Meyi 1994 Amalawi adaponya voti popanda mpayoniya wamfuti wowaopseza, ndipo Bakili Muluzi adapambana. Asilikali awiri a ku Moyale aja tsikulo sadalione.