MAVOTI ANALI M'MABOKOSI, KOMA MPHAMVU INALI M'MAKINA

PA Lolemba, 31 July, 2017, bungwe loyendetsa masankho m'dziko la Kenya, lochedwa IEBC, linali litakonza zoonetsa mtundu wonse m'mene makina ake atsopano otumizira zotuluka m'masankho adzagwirira nchito. Panali patangotsala masiku asanu ndi atatu kuti anthu akaponye voti. Koma cionetseroco sicinacitike tsiku limenelo, pakuti mkulu woyang'anira makinawo, Bambo Chris Msando, anali cigonere m'nyumba yosungiramo mitembo mu mzinda wa Nairobi.

Bambo Msando anasowa usiku wa Lacisanu. Mtembo wao unapezeka m'thengo ku Kikuyu, kunja pang'ono kwa mzinda, ndipo madokotala ataupima anapeza kuti anaphedwa mocita kukanyangidwa pakhosi. Wapampando wa bungweli, Bambo Wafula Chebukati, anauza atolankhani kuti malemuwo anayamba azunzidwa asanaphedwe. Munthu ameneyu sanali wandale, sanali kupikisana nao pa mpando uliwonse, ndiponso analibe gulu la asilikali kumbuyo kwake. Nchito yake inali yosamala makompyuta, ndipo asanasowe anali kuonekera pa wailesi ya kanema kutsimikizira anthu kuti makina atsopanowo sadzalola munthu kuba voti.

Kale, anthu ofuna kulanda boma m'maiko a mu Africa anali kuthamangira ku nyumba ya wailesi, cifukwa amene wagwira colankhulira ndiye anali kuuza mtundu kuti wolamula ndani. Zimene zinacitika ku Kenya zionetsa kuti cipinda cimene anthu alimbirana masiku ano ndi cina: ndi cija cosungiramo maina a oponya voti, zidindo za zala zao ndi ziwerengero za mavoti ao. Cipinda cimeneci nthawi zina sicikhala ngakhale m'dziko la eni ake.

MAGAZI A 2007

Akenya sanagule makina amenewa cifukwa congokonda zinthu zatsopano. Anawagula ndi misozi. Pa masankho a mu December, 2007, a Mwai Kibaki analengezedwa kuti apambana a Raila Odinga, ndipo anawalumbiritsa mothamanga madzulo a tsiku lomwelo. Dziko linayaka moto. Anthu oposa 1,100 anaphedwa ndipo pafupifupi 600,000 anathawa m'nyumba zao. Wapampando wa bungwe la masankho wa nthawi imeneyo, Bambo Samuel Kivuitu, anavomera yekha patapita masiku ocepa kuti sanali kudziwa ngati a Kibaki anapambanadi.

Kabungwe kofufuza kamene kanatsogoleredwa ndi woweruza wa ku South Africa, Bambo Johann Kriegler, kanapeza kuti mabuku anali osokonezeka kotero kuti palibe akanatha kunena motsimikiza amene anapambana, ndi kuti m'kaundula wa oponya voti munali maina a anthu akufa pafupifupi 1.2 miliyoni. Ganizo limene linatsatira linali lomveka kwa aliyense. Munthu ali ndi mtundu wake, ali ndi mimba, ndipo amaopa. Kompyuta ilibe mtundu ndipo silandira ciphuphu. Tsono nchito yozindikira woponya voti ndi yotumiza ziwerengero icotsedwe m'manja mwa anthu, ipatsidwe kwa makina.

Kuyesa kwa pa 4 March, 2013, kunali kocititsa manyazi. M'masukulu ambiri oponyeramo voti munalibe magetsi, mabatire anatha, ndipo akalaliki anabwerera ku mabuku a mapepala. Makina ophatikiza ziwerengero anayamba kuculukitsa kasanu ndi katatu mavoti okanidwa cifukwa ca kulakwika kwa malangizo olembedwa m'kati mwake, mpaka bungwe linawasiya ndi kuitana oyang'anira masankho kuti abwere okha ndi mapepala ku Nairobi. A Uhuru Kenyatta anapambana ndi 50.07 peresenti. Pakati pa alendo odzaonerera masankhowo panali mtsogoleri wakale wa dziko la Zambia, malemu Bambo Rupiah Banda, amene anatsogolera nao gulu la Carter Center.

M'MENE MAKINA ANAYENERA KUYENDERA

Pofika 2017 boma la Kenya linagula timakina ta m'manja pafupifupi 45,000 ku kampani ya ku France, ya OT-Morpho. Malo oponyera voti anali 40,883 ndipo olembetsa anali 19.6 miliyoni. Masankho onse anadya ndalama pafupifupi madola 500 miliyoni, ndipo anali pakati pa masankho odula kwambiri amene anacitikapo mu Africa.

Dongosolo lake linali lotere. Woponya voti akafika, aika cala pa kamakina ndipo kamakinako kamuzindikira. Madzulo, mavoti awerengedwa pamaso pa nthumwi za zipani, ziwerengero zilembedwa pa pepala lochedwa Fomu 34A, lofanana ndi GEN 20 imene Azambia aidziwa, ndipo nthumwi zisaina. Pamenepo woyang'anira malowo alemba ziwerengerozo m'kamakina, ajambula cithunzi ca pepalalo, ndi kutumiza zonse ziwiri pamodzi ku makina aakulu osungira zonse, amene akatswiri awachula kuti seva. Mapepala a malo onse a m'dera limodzi aphatikizidwa pa Fomu 34B, ndipo madera 290 aphatikizidwa pa Fomu 34C, imene wapampando awerenga polengeza wopambana.

Mfundo yaikulu inali pa cithunzico. Ciwerengero copanda cithunzi ca pepala losainidwa ndi mau cabe a munthu amene wacilemba. Koma masankho atatsala pafupi, bungwe linalengeza kuti malo oposa 11,000 analibe netiweki yokwanira kutumiza zithunzi. Usiku wa pa 8 August ziwerengero zinayamba kutsanulidwa pa wailesi za kanema, zambiri zopanda zithunzi zake, ndipo mtundu wonse unakhala pansi kupenyerera manambala amene sunathe kudziwa kumene anali kucokera.

M'mawa mwake a Odinga ananena kuti akuba analowa m'makina pogwiritsa nchito mau acinsinsi a malemu Msando. Bungwe linakana, ndipo kampani ya ku France nayo inati itafufuza sinapeze cizindikiro cakuti wina analowamo. Alendo odzaonerera, monga a John Kerry a ku America ndi a Thabo Mbeki a ku South Africa, anayamikira m'mene tsiku loponya voti linayendera. Iwo sananame, pakuti mizere inali yabata ndipo mabokosi anawerengedwa poyera. Cabe kuti zimene maso ao anatha kuona zinathera pakhomo la sukulu. Pa 11 August a Chebukati analengeza kuti a Kenyatta apeza 54 peresenti ndipo a Odinga pafupifupi 45, pamene mapepala a 34A zikwi zambiri anali asanaoneke poyera.

BWALO LIFUNA MAKIYI

A Odinga anakasuma ku Bwalo Lalikulu la milandu, limene lamulo lilipatsa masiku 14 okha kuti ligamule mlandu wotere. Pa 28 August oweruza analamula kuti bungwe litsegule seva kuti akatswiri a mbali zonse aone kaundula wa amene analowamo, nthawi imene analowa ndi zimene anacita. Apa ndi pamene nkhani inafika poipa. Bungwe silinatsate lamulolo mokwanira, ndipo cimodzi ca zifukwa zimene woliimira anapereka cinali cakuti makinawo ali ku Ulaya, ndi kuti pafunika kudikira eni ake kumeneko adzuke. Dziko limene linalandira ufulu mu 1963 linali kudikira kuti akalaliki a kampani ya kunja ace m'tulo kuti lidziwe m'mene ana ake anavotera.

Pamene akuluakulu a bwalo anapenda mapepala amene bungwe linabweretsa, anapeza kuti ena analibe nambala zake, ena analibe zizindikiro zobisika zoteteza cinyengo, ndipo ena sanasainidwe. Pa Lacisanu, 1 September, Woweruza Wamkulu, Bambo David Maraga, pamodzi ndi anzao atatu, anafafaniza masankho a mtsogoleri wa dziko, pamene oweruza awiri anatsutsa. Kanali koyamba mu Africa kuti bwalo lifafanize kupambana kwa mtsogoleri amene ali pa mpando. A Kenyatta anati alemekeza cigamuloco, koma posakhalitsa anachula oweruzawo kuti "wakora", ndiko kunena kuti akathyali.

Mfundo imene ambiri aiphonya ndi yakuti bwalo silinanene kuti a Odinga ndiwo anapambana, ndiponso silinapeze a Kenyatta ndi mlandu. Linanena kuti popeza bungwe linakana kutsegula makina, oweruza sakanacitira mwina koma kuganiza kuti mwina akunja analowamo, mwina anchito a bungwe eni ake anasintha ziwerengero, kapena bungwe linalephera nchito ndipo linali kubisa kulephera kwake. Mwa zitatuzi, palibe cimene mlimi wa ku Kisumu kapena wa ku Nyeri akanatha kudzionera yekha.

Pamenepa ndi poyenera kuyerekeza ndi zimene zinacitika ku Malawi, kumene bwalo linafafaniza masankho a 2019 pa 3 February, 2020. Kumeneko ziwerengero zinafufutidwa pa mapepala ndi Tipp-Ex, ndipo ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga akanaloza ndi cala pamene panapakidwa zoyerazo. Kusintha kocitika m'kati mwa seva sikusiya banga lotere. Kuonekera m'kaundula wa makinawo mokha, ndipo kaundulayo asungidwa ndi yemweyo amene akayikiridwa. Makina amene anagulidwa kuti acotse mphamvu m'manja mwa akalaliki zikwizikwi anaiunjika m'manja mwa anthu owerengeka odziwa mau acinsinsi.

Masankho obwereza anacitika pa 26 October. A Odinga anakana kutengako mbali ponena kuti palibe cimene casintha, ndipo mmodzi wa makomishona, Mai Roselyn Akombe, anathawira ku New York ndi kutula pansi udindo ali komweko. A Kenyatta anapeza 98 peresenti, koma oponya voti sanakwane ngakhale 40 pa 100 alionse olembetsa.

ODZIWA ZA MUMTIMA

Panalinso makina ena amene anali kugwira nchito kutali ndi bwalo la milandu. Mu March, 2018, wailesi ya kanema ya Channel 4 ya ku Britain inaulutsa zithunzi zojambulidwa mobisa, m'mene mkulu wina wa kampani ya Cambridge Analytica, Bambo Mark Turnbull, anali kudzitama kuti kampani yao ndiyo inayendetsa misonkhano yokopa anthu ya a Kenyatta mu 2013 ndi mu 2017, kufufuza maganizo a anthu zikwizikwi, kulemba mfundo za cipani ndi zolankhula zake. A cipani ca Jubilee anati kampaniyo inangothandiza pa zokometsa dzina la cipani.

Kampani imeneyi ndi yomwe inapezeka kuti inatenga mbiri za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri a iwo a ku America, kudzera m'kamasewera ka mafunso kamene anthu pafupifupi 270,000 okha ndiwo anayankha, osadziwa kuti atsegulira khomo la anzao onse. Malonda ake anali odziwa cimene munthu aliyense aopa, kuti wandale amuuze mau omukhudza iye yekha pa lamya yake ya m'manja, mau amene mnansi wake sadzawamva ndipo wotsutsa sadzatha kuwayankha. Akatswiri atsutsana za kukula kwa mphamvu ya njira imeneyi, ndipo wogulitsa aliyense amatama katundu wake. Koma m'dziko limene anthu anaphana potsata mitundu zaka khumi zokha m'mbuyomo, kusewera ndi mantha a anthu si nkhani yaing'ono. Cambridge Analytica inatsekedwa mu May, 2018, ndipo mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni.

Pa masankho a pa 9 August, 2022, a Chebukati anacita cinthu cimene cinali cisanacitikepo. Zithunzi za mapepala a 34A ocokera m'malo 46,229 zinaikidwa pa intaneti, pafupifupi zonse m'tsiku limodzi, kuti aliyense wokhala ndi lamya ndi cipiriro aphatikize yekha. Nyumba zofalitsa nkhani zinayamba kuwerenga, cinkana kuti zinalekeza panjira. A William Ruto analengezedwa opambana ndi 50.49 peresenti, a Odinga 48.85, ndipo Bwalo Lalikulu, motsogoleredwa ndi Mai Martha Koome, linavomereza zimenezi pa 5 September popanda woweruza wotsutsa. Dziko silinayake moto monga mu 2007.

Komabe makina a caka cimeneco anali a kampani inanso ya kunja, ya Smartmatic, imene inakana kupereka zonse za m'kati mwa seva ponena kuti zina ndi cinsinsi ca malonda ake. Makomishona anai mwa asanu ndi awiri anakana zotulukazo mphindi zocepa zisanalengezedwe. Ndipo Bambo Daniel Musyoka, woyang'anira masankho m'dera la Embakasi East mu Nairobi, amene anasowa pa 11 August ali pa nchito yophatikiza mavoti, anapezeka atafa m'thengo la ku Kajiado patapita masiku anai.