Musanatenge Galu Woyamba Pakhomo Panu

Kwa Mfumu Kanyenda, kuyambira kumagombe a nyanja kufikira kumidzi yoyandikana ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, galu sagulidwa kawirikawiri, amachita kupemphedwa. Galu wa mnansi akaswa, anthu amadza kudzaloza kamene akakonda, ndipo ena amasiyapo nkhuku kapena mbale ya usipa ngati chithokozo. Zifukwa zofunira galu nzodziwika: akuba nkhuku usiku, anyani ndi nguluwe m'minda ya chinangwa, ndiponso usipa woyanika pathandala umene sungagone wopanda mlonda. Koma munthu amene akutenga galu kwa nthawi yoyamba azindikire kuti akulowetsa pakhomo chiweto chimene chidzagona pafupi ndi mafuwa, chidzasewera ndi ana ndi kuwanyambita m'manja.

M'mizinda zinthu zimayenda mosiyanako. Ku Lilongwe kuli bungwe lotchedwa Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene linayamba ntchito mu 2008. Bungweli limatola agalu otayidwa ndi ozunzidwa, kuwachiza, kuwabaya katemera, kenaka nkuwapereka kwa anthu ofuna kuwasunga. Nzoona kuti munthu wa ku Dwangwa sangayende makilomita oposa 200 kukatenga kagalu ku Lilongwe. Tsono zimene bungwelo limachita galu asanachoke m'manja mwake, inu muyenera kuzichita nokha mothandizidwa ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.

Kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwane miyezi 2, pakuti kolekezedwa kuyamwa msanga kamakula konyentchera. Pitani mukaone make ndi maso anu, ndipo mufunse mwini wake ngati anabayitsa katemera wa chiwewe. Kagalu kotola pamsika kapena m'mbali mwa msewu wa M5, kamene simudziwa kumene kachokera, musakapatse ana kuti akanyamule ngakhale kakhale kokongola chotani. Mwina kanalumidwa dzana ndi galu wodwala, ndipo bala lake labisika muubweya.

Nkhani yaikulu pa kusunga galu ndi chiwewe. Matendawa amayamba ndi kachirombo kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa m'thupi kudzera pabala, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi 2 kapena 3, ngakhale kuti nthawi zina umatenga mlungu umodzi wokha kapena chaka chathunthu. Bala la pakhosi kapena kumaso ndilo loopsa koposa kaamba koti ubongo uli pafupi, ndipo ana, pokhala aafupi msinkhu, ndiwo amalumidwa malo otere. Bala limapola, anthu nkuiwala. Pamene wodwala ayamba kubwebweta, kuopa madzi ndi kulephera kumeza, nthawi yatha kale. Pafupifupi aliyense amene waonetsa zizindikiro zimenezi amamwalira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ndipo mwa 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15.

Ife a kunyanja kuno, kumene malungo ndi mlendo wa masiku onse, tiyenera kumvetsa bwino zimene madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anafalitsa mu 2007, motsogozedwa ndi Dr Macpherson Mallewa. Iwo anafufuza imfa za ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo m'zaka 3, ndipo anapeza kuti 14 mwa anawo anafa ndi chiwewe. Mwa ana 26 amene poyamba anayesedwa kuti afa ndi malungo a muubongo, 3 kunali chiwewe. Motero mukabwera ndi mwana wotentha thupi ndi wokomoka, uzani a chipatala ngati analumidwapo kapena kukandidwa ndi galu miyezi yapitayi, ngakhale iwo asanakufunseni.

Galu wachiwewe sakhala waukali nthawi zonse. Alipo amene amayendayenda, kutuluka dovu, kuluma mitengo ndi miyala, mawu ake atasintha. Koma aliponso amene amangofooka, chibwano chili lende, malovu ali chuchuchu. Galu wotereyu ndiye amapusitsa anthu a kugombe, chifukwa amaganiza kuti watsamwa ndi munga wa kampango, ndiye mwini wake amapisa dzanja m'kamwa mwa galuyo kuti auchotse. Musachite zimenezo. Mtsekereni ndi kuitana mlangizi wa ziweto. Chimodzimodzinso nkhandwe yochokera kuthengo, monga kumbali ya nkhalango ya Nkhotakota, ikafika pamudzi masanasana yosaopa anthu, ana asaiyandikire ndipo agalu amangidwe.

Chitetezo chake nchosavuta: jekeseni imodzi kwa galu, yobwerezedwa chaka ndi chaka. Kagalu kakakwana miyezi 3 kabayidwe, ndipo alangizi a ziweto akabwera m'mudzi kudzabaya agalu onse, tengani ngakhale tating'ono. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse a m'dera akabayidwa, chiwewe chimasowa poyenda nkuzilala. Zimenezi zinaoneka ku Blantyre mu 2015, pamene bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe anachepa kwambiri. Pali alenje ena amene amabisa agalu awo tsiku la katemera, ati jekeseni imafoola galu pa uzimba. Ameneyo ndi mantha chabe. Katemera sachotsa liwiro kapena fungo la galu, ndipo galu wosaka ndiye woyamba kukumana ndi nkhandwe.

Nanga munthu akalumidwa? Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphindi 15 nzambiri, ndipo mwana adzalira, koma pitirizani, pakuti sopo amaononga kachiromboko kasanalowe m'mitsempha. Musapake zitsamba, musamange balalo ndi chiguduli. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa anthu amaperekedwa kangapo pa masiku osiyana, ndipo ayenera kumalizidwa ngakhale bala litapola. Ngati pa chipatala chaching'ono palibe, adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha pa boma la Nkhotakota, ndipo ulendowo usadikire kuti mugulitse kaye nsomba. Galu amene waluma, ngati ndi wodziwika ndipo akuoneka wamoyo, asaphedwe mwaukali. Amangidwe pabwino, apatsidwe chakudya ndi madzi, ndipo aonedwe kwa masiku 10. Katemera wa anthu ameneyu anayamba ndi Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister. Nchifukwa chake pa 28 September, tsiku limene Pasteur anamwalira, dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe.

Za chakudya, mkute wa kondowole wokha sukwanira. Onjezerani usipa ndi matumbo a nsomba ophika, ndipo madzi akumwa asasowe. Galu wanjala amayenda midzi itatu usiku umodzi, amadya zonyansa kuthengo, nabwera nazo njoka za m'mimba ndi mabala a ndewu. Kwirirani ndowe zake, ndipo ana asambe m'manja akatha kusewera naye. Pa utitiri ndi nkhupakupa funsani mlangizi. Mankhwala opopera mbewu apha agalu ambiri. Galu wofula sasiya kulonda, amangosiya kuyendayenda.

Akulu anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo mawuwa amamveka bwino tsiku limene galu wanu waluma mwana wa mnansi. Tsiku limenelo a chipatala, mlangizi wa ziweto ndi anyakwawa adzafuna kudziwa ngati galuyo anabayidwa ndiponso liti. Chiphaso chimene mulandire pa katemera chisungidwe malo ouma, pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana anu.